Diso Lamanja la Kambuzi

Lolemba, 24 Juni

Chisanu. Mwera kuyambira m'mawa, fumbi mpaka m'mapoto.

Kambuzi wagundanso mtondo. Mtondo umene wakhala pamalo omwewo chimangire nyumba ino. Anaima, kupukusa mutu, kenako kuuzungulira pang'onopang'ono ngati mlendo. Galu amene ankadumphira nkhanga ikunyamuka kuphiri la Chikala.

Maso onse awiri oyera ngati madzi otsukira mpunga. Ng'ala. Inayamba amuna anga Che Jimu akadali moyo, iwo n'kumati tikakolola ndikamuonetsa kwa alangizi. Chimanga takolola, eni ake ali kumanda. Ramadani inawatenga.

Ine galuyu sindinamukhudzepo. Zaka khumi ndi chimodzi pakhomo pano, ngakhale kumchira. Galu ndi najisi, chodetsedwa kwa ife Asilamu, ndinaleredwa choncho, ndipo Che Jimu ankadziwa malire: iwo ndi galu wawo kuseri kwa khola, ine ndi ziwiya zanga kuno. Chakudya ndimamuponyera ndili patali.

Alamu anga aZulfa, mchemwali wawo wa malemu, anena lero akusankha nandolo: "Galu amasungidwa wosaka kapena wolondera. Uyu sachita chilichonse. Eda yanu ikatha, pogawa katundu, tiona pomutaya." Kumutaya ndikudziwa tanthauzo lake, ndi chingwe ndi nthambi.

Eda, miyezi inayi ndi masiku khumi yolira mwamuna, ithera kumayambiriro kwa Ogasiti. Kunja kwa mpanda sindituluka, ndolo zili m'chitini. Ndiye tsiku lonse ndife awiri pano, wina satuluka, wina saona.

Lachitatu, 26 Juni

Kwabwera mlangizi wa ziweto pa njinga yamoto, katemera wa chiwewe. Mtsikana wa ku Balaka, dzina Lilian, wolankhula mosazungulira. Wamuunika Kambuzi m'maso ndi tochi ya foni, nthawi yaitali ndithu.

Akuti pakati pa Julayi kukubwera madokotala a ziweto ochokera kunja, ndi galimoto yawo yochitiramo opaleshoni. Aima ku Balaka masiku ochepa. Mmodzi ndi wa maso, amachotsa ng'ala. Ndinaseka. Anthu akufufuza njira ndi ndodo pa Ntaja pomwepa, ndiye galu?

Iye sanaseke. "Opaleshoni si nkhani, amayi. Nkhani ndi madontho." Kanayi patsiku, miyezi iwiri. Munthu agwire mutu, atsegule chikope ndi chala, adonthetse. Kupanda apo diso limaola, bola kumusiya momwe alili. Anandifunsa kuti pakhomo pano pali ndani. Ndinamuonetsa nkhuku.

Madzulo Latifu kuimba kuchokera ku Joni. Mwana ameneyu nkhani zimamupeza msanga kuposa ine amene ndili pano. "Amayi, za ndalama musaganize, nditumiza. Ameneyo ndi yekhayo watsala wa ababa." Yekhayo! Nanga ine ndine chitsa? Ndinamuuza kuti ndalama zake zilibe zala zotsegulira chikope cha galu. Ine n'kudula foni. Kenako chisoni, mwana analira yekha kutali, maliro a bambo ake anawaonera pafoni.

Lachisanu, 28 Juni

Kwafika aNoah, mnzawo wa Che Jimu wa kuuzimba. Mkatolika, za najisi alibe nazo ntchito. Anaima kunja kwa mpanda chifukwa cha eda, chipewa m'manja, ine ndili kuseri kwa chitseko.

Akuti za ku Balaka n'zotaya nthawi. Ng'ala ya ng'ombe amaichotsa okha kuyambira kale: chigoba cha nkhono, kuwotcha, kusinja, kuuzira m'diso ndi kabango. "Masiku atatu mtambo wonse umayera, mlamu." Ng'ombe za bambo awo zinachira choncho, akutero.

Ndinavomera. Ndinavomera msanga, chifukwa manja ake anali awo, osati anga.

Kambuzi anawalandira ndi mchira, amawadziwa fungo. Anamupana pakati pa miyendo, kuuzira diso lamanzere. Kulira kumene analira galu uja sindinakumvepo, ngakhale tsiku lija anang'ambidwa ndi nguluwe. Anapulumuka, kugunda mpanda, kugunda mtondo, kulowa pansi pa nkhokwe. Diso lamanja sanalifikire.

Swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka, ndaswali mtima uli kwina.

Lamulungu, 30 Juni

Sanatuluke pansi pa nkhokwe. Madeya osakhudza. Diso latupa ngati dzira, mafinya, ntchentche.

ANoah anabwera kuchokera kutchalitchi kudzaona. Belu la njinga yawo lokha, Kambuzi kuyamba kubangula pansipo, mano panja. Anaima kanthawi, n'kubwerera. Ndawamvera chisoni. Munthu anafuna kuthandiza.

Ndinaimbira Lilian. Anabwera ngakhale ndi Lamulungu. Mwana wamng'ono kundikalipira ine pakhomo panga. Akuti za ng'ombe ndi matenda ena, a pamwamba pa diso, pomwe ng'ala ili m'kati, phulusa silifikako. Lamanzere latha, galasi lake lapsa. Latsala lamanja.

Anamukoka ndi chingwe, kumumanga kukamwa, kumutsuka. Wasiya kabotolo pawindo. Madontho a diso lopsalo, kuti lisaole n'kumupha. "Ndiponso ndiye mayeso anu. Mukakwanitsa sabata ziwiri izi, ndimulembetsa ku Balaka. Mukalephera, musandiimbirenso za ng'ala."

Kabotolo kakadali pawindo pomwepo. Ndakayang'ana tsiku lonse.

Lachiwiri, 2 Julayi

Ndinavala majumbo m'manja, kumanga ndi mphira pamkono. Nzeru za wamantha. Jumbo kuchita phokoso, galu wosaona kudzidzimuka, kuthawira kukhola. Madontho anathera pansi. Kawiri konse chimodzimodzi.

Ndayesa kumunyengerera ndi mutu wa usipa pandodo. Wadya usipa, wapita.

Diso likununkha tsopano. Ndikulimva ndili pakhonde.

Che Jimu, munandisiyira chiyani inu. Njinga yopanda mabuleki, ngongole ya feteleza, ndi ichi.

Lachitatu, 3 Julayi

Ndinatuma amuna awo a aZulfa kukafunsa ashehe kumsikiti. Yankho labwera: kuchiza nyama si tchimo, ndi sadaka. Dzanja louma paubweya wouma palibe mlandu. Koma malovu, misozi, mafinya zikakhudza khungu kapena nsalu, kutsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi madzi osakaniza dothi. Apo ndiye munthu angaime pa swala.

Ndimayembekeza kuti aletsa. Ndinene zoona, ndimafuna aletse.

AZulfa sanakondwe ndi yankholo. Akuti ashehe ayankha za m'buku, koma mkazi wa pa eda ntchito yake ndi mikanda ya tasibihi ndi kupempherera mwamuna wake, osati kusisita agalu. Ndipo akamva kuti pambuyo pa opaleshoni galu ayenera kugona m'nyumba kuopa fumbi, ndiye kaya. Angelo salowa m'nyumba ya galu, amenewo ndi mawu awo a tsiku lililonse. Ndaganiza kale za kachipinda kosungira njinga ndi makasu, kali padera. Koma ndikuganiziranji zimenezo, dontho limodzi lomwe sindinalowetse.

Lachisanu, 5 Julayi

Ndamugwira.

Amuna onse ali kumsikiti ku Ijuma, mudzi uli zii. Ndinamupeza wagona padzuwa kuseri kwa khitchini. Majumbo ndinasiya. Ndinagwada, mawondo kulira. Kuimba mluzu ngati eni ake sinditha, ndiye ndinangonena mawu awo a Chiyao aja, momwe ankanenera akafuna kumuchotsa nkhupakupa: tama pasi, ndiye kuti khala pansi. Makutu anaima. Anatembenuzira mutu kumene kunachokera mawu, n'kudikira.

Ndinaika dzanja pamutu. Wofunda. Sindikudziwa ndimaganiza kuti akhala wotani. Mafupa okhaokha pansi pa khungu, chipsera cha nguluwe chija chokhakhala pakhosi. Ananjenjemera koma sanathawe. Chikope ndinatsegula ndi chala chachikulu, dontho kulowa. Kenako ananyambita dzanja langa, kuyambira pachikhatho mpaka pamkono.

Ndinafuna kukuwa. Sindinakuwe.

Dothi ndinatapa pachulu cha kuseri. Ndinatsuka ndikuwerenga, pofika kachisanu ndikulira, osadziwa kuti ndikulira najisi kapena chiyani. Chisambitsireni mtembo wa Che Jimu, chamoyo chimene chandikhudza ndi chikondi ndi galu. Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire. Koma ndi mmene zilili.

Lachiwiri, 9 Julayi

Ndapeza kachitidwe kake. Madontho ndikangomaliza swala, kuti nthawi yotsuka ikhalepo isanakwane inayo. Chitenje chimodzi ndapatula, cha galu, chimakhala pamsomali panja. Beseni lakenso, dothi lake m'chitini cha mkaka.

Manja ang'ambika. Madzi a m'mawa mwezi uno ndi mpeni, ndiye kuwonjeza dothi. Mafuta odzola onunkhira pa eda iyayi, ndikupaka ophikira.

Kutupa kwatsika. Akudya. Akamva ndamaliza salamu ya swala amabwera yekha pakhomo la khitchini, kukhala pansi, mutu m'mwamba. Ndani anamuuza?

Dzulo kunabwera amayi a kumadrasa kudzandiona, anayi pamodzi ndi aZulfa. Ndinaphika mbatata ndi tiyi. Mbatata inabwerera yonse. Wina akuti wadya kumene, wina m'mimba. Mmodzi ndinamuona akuyang'ana zala zanga pamene ndimathira tiyi, n'kukankhira kapu kumbali ndi chigongono. Anthu amene tadyera mbale imodzi pa maukwati ndi pa sadaka zaka zonsezi. Manja anga ndi oyera kuposa awo, ndani mwa iwo amasamba ndi dothi kanayi patsiku? Ndinawaperekeza mpaka pampanda.

Mbatatayo tadya ndi Kambuzi. Zinandiwawa, ndisaname.

Lachisanu, 12 Julayi

Lilian wabwera. Anandiuza ndidonthetse iye akuona. Anangogwedeza mutu, n'kutulutsa foni kulembera anzake ku Balaka. Tsiku lake Lachinayi likudzali.

Kenako anakhala pakhonde, nkhope ina. Akuti andiuze zonse ndisanavomere. Galuyu ndi nkhalamba, mtima wake wamvetsera, ukugunda mosalongosoka. Mankhwala ogonetsa akhoza kumutenga osadzukanso. Mwina adzuka, mwina iyayi, dokotala yemwe sangalumbire. Ndipo akadzuka, diso ndi limodzi, kusaka kwatha basi.

"Akhozanso kukhala chonchi zaka zina, akudya, akuwothera dzuwa," anatero. Zaka ziti? Iye sadziwa za chingwe. Ndinamuuza. Anangoti mmm.

Ndaganiza tsiku lonse. Wosaona, Ogasiti akafika amutenga, ndipo ine mkazi ndilibe mawu pa galu wa malemu, abale ake alipo. Woona, ngakhale diso limodzi, ndi mlonda wa nkhuku ndi dimba, anyani akamva kuuwa sabwera. Pamenepo aZulfa alibe chonena, buku lomwe likuloleza. Koma ndikamutumiza n'kukafera patebulo la alendo, ndiye ndamupha ndine, kuwonjezera pa diso lija.

Che Jimu akanati chiyani? Iwo ankati nyama zidzafunsidwa za ife tsiku lachiweruzo, ndipo Kambuzi adzawanenera zabwino. Ine ndinkawaseka kuti mboni yawo ndi yonunkha.

Loweruka, 13 Julayi

Nkhuku ziwiri zafa, chitopa. Nandolo sanagulidwebe, mavenda akupereka mtengo wachipongwe.

Ndauza Lilian kuti eya. Latifu walira pafoni. Wapeza galimoto ya mnzake wa pa Ntaja, aNoah ndi Lilian ndiwo apite naye.

Lolemba, 15 Julayi

Tinati tiyeserere. ANoah anabwera ndi chingwe ndi kanyama kowotcha m'thumba. Asanafike n'komwe pachipata, Kambuzi ubweya wa pamsana unaima. Anawalumpha, kung'amba buluku, mwayi khungu silinakhudzidwe. Galu amene anayenda nawo phiri lonse. Bambo aja anakhala pamwala kunja kwa mpanda, mutu pansi. "Ndamulakwira mnzanga, mlamu." Kaya amanena galu kaya Che Jimu.

Lilian anayesa madzulo. Iye sanamulume, koma anagona chafufumimba, kukodza, kunjenjemera thupi lonse, lilime panja. Akukumbuka chingwe cha kukamwa chija. Ndinangoti tama pasi, n'kuika dzanja, phee.

Lilian anandiyang'ana. Ndinadziwa chimene akufuna kunena, ndinalowa m'nyumba.

Lachitatu, 17 Julayi

Lilian wanena ndithu. Kumumanga n'kumuponya m'galimoto angathe, koma ndi mtima umenewo, ulendo wonse akulimbana ndi chingwe, akafika atatha kale, dokotala sangamugoneke. Ndipite ndine. Ndimugwire panjira, ndimugwire pobaya, ndikhalepo podzuka. Madokotala anyamuka Lachisanu, za chaka chamawa palibe akudziwa.

Ndiye ntchito yanga yomwe yandikola. Ndinaphunzira kumugwira kuti ena amutenge, tsopano safuna dzanja lina.

AZulfa anabwera masana, wina wawauza. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anakhala pamkeka, misozi. "Zatsala sabata ziwiri zokha, mlamu. Mchimwene wanga anakusungani zaka makumi atatu. Mukathyole eda yake pamsewu, m'matauni, chifukwa cha galu? Anthu adzati munamulira masiku angati?" Anati ngati ndi chingwe chikundiopsa, iwo alankhula ndi abale, mwina amusiya. Mwina. Ndinawafunsa ngati angalumbire. Anayang'ana pansi.

Mayi amene uja sindimuda. Ndi iyeyo anandigwira pamene ndimagwa kumaliro, ndi iyeyo wanditungira madzi miyezi yonseyi.

Kwa ashehe ndinatumanso. Akuti wa pa eda akhoza kutuluka masana pa chinthu chofunikira, koma dzuwa likamalowa akhale m'nyumba ya mwamuna wake, agone momwemo. Ngati diso la galu ndi chofunikira, akuti zimenezo sangandiyezere iwo, ndifunse mtima wanga pamaso pa Allah.

Ndafunsa. Mtima uli ndi pakamwa pawiri.

Eda ndaisunga bwino, Mulungu ndi mboni. Sindinapondepo kunja, ngakhale pamene mbuzi inalowa m'dimba ndikuiona. Ndi chinthu chomaliza chimene ndikuwachitira amuna anga, palibenso china chimene adzalandire kwa ine. Ndipo galu uyu ndi chinthu chomaliza chimene iwo anasiya chisanathe.

Lilian akuti asadye kuyambira madzulo ano, zingatheke zisatheke. Sindinamupatse. Wakhala pakhomo la khitchini akudikira.

Lachinayi, 18 Julayi

Balaka. Ndikulemba pansi pa mtengo wa nimu, kope pabondo.

Ndinatuluka. Nditaswali m'mawa ndinavala buibui lakuda lofunda thupi lonse, chitenje cha galu pamwamba. AZulfa anali ataima pakhomo pawo ndi ndowa, sanandipatse moni, ine sindinawapatse. Amayi a pamjigo onse kusiya kupopa.

Kambuzi anakwera yekha nditangomenya pampando. ANoah anatsala, anati fungo lawo lingaononge zinthu. Anatiperekeza ndi maso, chipewa m'manja.

Msewu wonse mutu uli pamiyendo panga. Malovu kudutsa chitenje, kudutsa buibui, mpaka pakhungu. Pa Liwonde mlatho, mphepo ya mtsinje italowa pawindo, anadzutsa mphuno, mchira kugunda kawiri. Dziko lakula bwanji miyezi inayi. Anthu kugula, kugulitsa, kukangana ndi makondakitala, ngati palibe amene anamwalira.

Kuno anthu ambiri, agalu a mabwana, amphaka m'madengu, mbuzi. Ine ndekha wa buibui pamzere wa agalu. Mnyamata wina wandijambula ndi foni, akuganiza sindinaone. Zifika ku Ntaja ine ndisanafike.

Kambuzi amayenera kulowa m'mawa. Makina awo anavuta, kenako kunabwera galu wogundidwa ndi galimoto, anayamba ndi iyeyo. Swala ya masana, Zuhuri, yandipeza pamzere. Ndinapempha madzi kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, dothi ndinatapa pansi pomwepa, koma zovala nditani nazo? Sindinaswali. Ndidzabweza.

Walowa Asiri itadutsa. Dokotala mzimayi wachizungu wa imvi, wamvetsera mtima nthawi yaitali, n'kufunsa kudzera mwa Lilian ngati ndamvetsa kuti mwina sadzuka. Ndati ndamvetsa. Pobaya ndinamugwira mutu. Ndinamuuza tama pasi, ngakhale anali atagona kale. Thupi linalefuka m'manja mwanga, n'kulemera. Momwe analemerera Che Jimu. Ananditulutsa.

Woyendetsa galimoto wabwera kawiri. Akuti tikanyamuka pompano tikafika dzuwa lisanalowe, Lilian atsale ndi galu abwere naye mawa. Tikachedwa pang'ono, swala ya Magharibi itipeza pa Liwonde. Akunena zoona, mwana waulemu, mthunzi wa mtengowu wafika kale pamsewu. Lilian akuti podzuka amakhala osokonezeka, amalimbana, akadzikanda diso ntchito yonse yapita.

Ndamuuza woyendetsa adikire. Wapita kukakhala m'galimoto, wayatsa wailesi.

Che Jimu, mundikhululukire. Lero dzuwa lilowa ndili kunja kwa nyumba yanu.

Chitseko cha galimoto ya madokotala chatseguka. Watuluka mnyamata wovala zobiriwira, magolovesi akadali m'manja, nkhope yake sindikutha kuiwerenga. Akufunsa mwini wake wa Kambuzi. Wafunsanso kachiwiri. Ndakhala ndikuyang'ana pabenchi, kudikira kuti mwini wake adzuke.

Akunena ine